Mmene Ndinalowera Dzina la Pimbulo

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anu amene tadya nawo mchere zaka zonsezi. Ana inu mwakula mukumva anthu a pa boda akundiitana kuti Pimbulo, ndipo mukandifunsa ndinkangoti ndi mayina a kuntchito, alibe mutu. Linali bodza. Dzinalo lili ndi mutu wake, ndipo silinayambe ndi ine. Mwini wake woyamba anagona kalekale kwawo ku Rumphi, ine osakaponyako ngakhale kadothi. Tsono popeza maso ayamba kuchita chifunga, ndati ndilembe ndikadali kuona mizere ya pepala.

1993

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili kale bambo wa ana atatu. Fodya anali atandikana zaka ziwiri zotsatizana kumudzi kwathu kufupi ndi Ludzi, ndiye mlamu wanga anandinong'oneza kuti kakampani kena ka pa boda ya Mchinji, kothandiza amalole kuombola katundu ku kasitomu, kakufuna mlonda. Chinali chaka chija anthu ankakangana za nyali ndi tambala. Ofesi yake inali zipinda ziwiri ndi khonde, moyang'anana ndi mzere wa malole odikira kuoloka kupita ku Mwami. Patsidya pa msewu, pansi pa mtengo wa mango, ndi pamene pankakhala anyamata osintha ndalama, ena a kuno ena a ku Zambia, pakamwa pawo posatseka ngati pa namzeze.

Bwana wa ofesiyo anali a Chirambo, munthu wamtali, woonda, wa tayi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kale anali mphunzitsi. Akazi awo anali atamwalira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiwonge, ankakulira kwa azakhali ake ku Rumphi. Ku uphunzitsi anachokako ndi chinthu chimodzi: belu la chigwiriro chamtengo. M'mawa uliwonse ankaima pakhonde n'kuliliza mwamphamvu ngati akuitana ana a sukulu yonse, chonsecho antchito tinalipo atatu ndipo tonse tili chilili pamaso pawo. Akatha ankakweza chala n'kunena kuti, “Nthawi ndi mlendo wa pa lole, sadikira kuti mumuphere nkhuku.” Mawu omwewo tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa.

Tsiku londilemba ntchito anandipatsa cholembera kuti ndisaine. Ine ndinatambasula chala chachikulu, monga ndinkachitira pogulitsa fodya. Anachiyang'ana chalacho kwa kanthawi.

“A Mbewe,” anatero, “chala chimenecho n'chotsinira fodya. Bwezani m'thumba.”

Analemba dzina langa pa kapepala ndi zilembo zikuluzikulu n'kundiuza kuti ndizijambule mmene ndikuzionera. Thukuta linandituluka kuposa pokumba chitsime. Koma chimene ndinapita nacho kunyumba tsiku limenelo si zilembozo. N'chakuti pa boda ponsepo ndinali “iwe mlonda”, pamene munthu wa tayi uja anandiitana kuti a Mbewe, ndipo sanasinthe mpaka tsiku lomaliza.

Anandilembetsa sukulu ya kwacha ku tchalitchi. Masana ena akamapuma, iwo ankandikhazika pakhonde n'kumandiphunzitsa ndi choko pa chitseko chakale. Anali aukali pophunzitsa. “Chilembo ichi chagona ngati chaledzera, chidzutseni!” Ndinkabwerera kunyumba mutu ukuwawa, amayi anu n'kumati ndasuta chamba.

1997

Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba pamodzi ndi ana a msinkhu wa mkulu wanu Lufeyo. Desiki inali yaing'ono moti mawondo ankagunda kunsi kwake, ndipo kamtsikana kamene kanakhala pambali panga kanandifunsa ngati ndabwera kudzayang'anira mayeso. Masiku onse a mayesowo a Chirambo ankatseka ofesi mofulumira, kupalasa njinga n'kudzandidikira pansi pa mtengo kunja kwa sukulu, ngati mayi woperekeza mwana ku sikelo. Nditakhoza anandichotsa pa ulonda n'kundiika pa umesenjala, kenako ndinayamba kunyamula mapepala a malole kupita nawo ku kasitomu.

Zaka zimenezo zinthu zinkasowa. Ku likulu la kampani ku Lilongwe ankatikumbukira pokhapokha akafuna malipoti. Mapepala a kaboni akatha mphamvu, a Chirambo ankawayanika padzuwa pakhonde atawatsindika ndi timiyala, amati amatsitsimuka. Inki ya chidindo ikauma ankandituma kukagula kachasu wa m'kabotolo kakang'ono kuti adontheze pa padi, iwo amene anali mkulu wa mpingo wosalawa ngakhale thobwa logona. Ankandiuza kuti, “Mukanene momveka kuti n'ngwa chidindo.” Mayi wotcheza kachasuyo ankangoti, “Eetu, chidindo chanucho chili ndi ludzu.” Mu ofesi tinali ndi a Nachisale, mayi wotayipa amene sankaopa munthu, ndi Dyson, kalaliki wa fomu folo amene ankatha kuseketsa ngakhale pamaliro. Tinkakhala ngati banja, kukangana ndi kugawana chinangwa chootcha.

Koma ndiyenera kunena kuti Chingerezi chinandilowa ngati mowa wa m'mawa. Munthu amene waphunzira atakula amafuna dziko lonse lidziwe. Ndinayamba kuyankha madalaivala m'Chingerezi ngakhale andifunse m'Chichewa, ndipo kumudzi ndinkawerenga nyuzipepala mokweza pamene palibe wandipempha.

2001

Makampani ena oombola katundu atachuluka pa boda, a ku likulu anatitumizira kanema ndi deki kuti madalaivala odikira mapepala asamathawire kwa anzathu. Nthawi yomweyo namwino wina wachizungu wa ku boma ankabwerera kwawo n'kumagulitsa katundu wake, ndipo a Chirambo anagulako katoni ya matepi. Anati, “Makutu anu azolowere Chingerezi cha eni ake.”

M'matepimo munali sewero loseketsa la ku Mangalande, la magawo ambirimbiri. Linkachitikira m'kaofesi ka pa siteshoni ya sitima kosungiramo zinthu zimene apaulendo aiwala: maambulera, zipewa, mano oikirira, tsiku lina mpaka mwendo wamtengo. Bwana wa kaofesiko anali kamunthu kakafupi ka ndevu za pamlomo, kodzimva, koyenda ndi wezulo pakhosi. Dzina lake lenileni lilime lathu linalephera, tinangoti Pimbulo. Anali ndi mayi wina wongokhalira kupenta zikhadabo, mnyamata waulesi, ndi nkhalamba yosesa imene sinkayankhula kawirikawiri. Munalinso anthu osaoneka amene ankaseka pakachitika kanthu. Dalaivala wina wa ku Chipata anafunsa ngati ili mizimu ya makolo awo.

Tinkaonera Loweruka masana tikaweruka. Madalaivala ankadzaza mabenchi, osintha ndalama n'kuunjikana pawindo. A Chirambo sankakhala nafe. Ankatsalira m'chipinda chawo chamkati, chitseko chili chotsegula pang'ono. Vuto linali lakuti Chingerezi cha anthu aja chinkatulukira m'mphuno, ndipo chinkathamanga ngati minibasi ya ku Lilongwe. Ngakhale Dyson wa fomu folo ankangoseka mizimu ija ikaseka.

“Madala,” anatero Dyson tsiku lina, “inu a Sitandade 8 ya dzulodzuloyi, makutu akadali atsopano. Timasulireni.”

Anali kundinyogodola, koma ine ndinaimirira. Zoona zake n'zakuti ndinkangotola liwu apa ndi apo ngati nkhuku pa mphale. Kuvomera kuti sindikumva kunandikanika, ndiye ndinayamba kupeka. Ndinkayang'ana nkhope ndi manja awo n'kuwaika mawu m'kamwa. Poyamba zinali zopanda vuto. Kenako Pimbulo anaimba wezulo yake pamaso pa antchito atatu amene anali kale chilili, n'kukweza chala m'mwamba. Pakamwa panga panatseguka pokha.

“Akuti nthawi ndi mlendo wa pa lole, sadikira kuti mumuphere nkhuku!”

Nyumba inaphulika. Dalaivala wina anagwa pa benchi, anyamata a pawindo ankamenya khoma. Ana anga, mumvetse. Moyo wanga wonse anthu ankaseka ine: wa chala chachikulu, nkhalamba ya pa desiki ya ana. Tsiku limenelo kwa nthawi yoyamba anthu anaseka chifukwa ine ndafuna kuti aseke. Kukoma kwake sindingakufotokozereni.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkamuveka Pimbulo zovala za a Chirambo. Akanyamula botolo, ndinkati akukamwetsa chidindo. Akatulutsa pepala, ndinkati akukayanika kaboni. Kakhosomole kawo, kayendedwe kawo, zonse ndinapereka. Lolemba lina belu litalira pakhonde, pansi pa mango paja panachokera mawu: “Ba Pimbulo! Nthawi ni mlendo!” A Chirambo anayang'ana kumeneko, anakweza dzanja ngati munthu wapatsidwa moni waulemu, n'kulowa m'kati. Sanandifunse kanthu.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikuzisimba pa mowa. Koma pa tebulo la a Chirambo panali chithunzi cha malemu akazi awo, ndipo ine, chifukwa chofika m'mamawa kudzasesa, ndinkadziwa chinthu chimene wina aliyense sankachidziwa. Asanalize belu ankapukuta chithunzicho ndi mpango n'kuchiuza nkhani za tsikulo motsitsa mawu. Loweruka lina Pimbulo anatola chidole chimene mwana wina anaiwala m'sitima n'kuyamba kuchiyankhula. Anthu anatembenukira kwa ine, pakamwa pali kale potsegula kudikira kuseka. Ndinatsitsa mawu n'kunena kuti, “Akuti, amayi a Tiwonge, lero malole achuluka, msana ukundipweteka.”

Anaseka mpaka misozi. A Nachisale okha ndi amene sanaseke. Anthu atabalalika anandipeza ndikubweza tepi kumbuyo.

“A Mbewe, lero mwalumpha mpanda,” anatero. “Munthu amene anakudikirani pansi pa mtengo uja?”

“Ndi sewero chabe, mayi.”

“Sewero lili m'kanemamo. Ilo mwachitalo lili ndi dzina lina.”

Patapita masabata angapo matepi anatha. Yomaliza m'katonimo inathera pamene munthu wa suti wochokera ku likulu lawo ankayeza kaofesi ka Pimbulo ndi chingwe, Pimbulo akumutsatira pambuyo. Anthu anachita phokoso kufuna kudziwa mathero ake. A Chirambo anatulukira pakhomo n'kunena kuti, “Mzungu uja sanaikemo ina. Zathera pomwepo.” Madalaivala anabwerera ku makanema a nkhonya, koma dzina lija linatsala.

2002

Chaka cha njala chija simungachiiwale, inu akuluakulu. A Chirambo ankaoloka kupita ku Mwami kukasaka chimanga, ndipo kawiri konse ndowa inafika kwathu pa njinga, iwo osanenapo kanthu. Phala limene munkamwa nthawi imeneyo linali lawo. Ine ndinkalandira ndi manja awiri, ndikudziwa zimene ndinawachita.

Chaka chomwecho Tiwonge anabwera kudzaona bambo ake. Anali atakula, akuphunzira za unamwino. Anatsika minibasi pafupi ndi mango aja, ine ndikuchokera ku kasitomu ndi mapepala m'manja, ndipo ndinamumva akufunsa mwaulemu kumene kuli ofesi ya a Chirambo. Anyamata aja anayang'anana. Panalibe wolidziwa dzinalo.

“Aatali, ovala tayi,” anatero mtsikanayo. “Amaliza belu.”

“Ooo! Ba Pimbulo! Mukanatero kale, sisi!”

Mmodzi anaimirira n'kuyamba kuyenda ngati a Chirambo, akugwedeza belu la m'malere. Wina, pofuna kupambana mnzake, anagwira chikwama chake cha ndalama ngati chithunzi, n'kuchipukuta ndi malaya. “Amayi a Tiwonge, lero malole achuluka!”

Mtsikana uja anauma pomwepo. Anamva dzina lake ndi la malemu mayi ake m'kamwa mwa anthu osawadziwa, pakati pa msewu, anthu akuseka. Ndinathamanga n'kumulandira chikwama. Tikuyenda anandifunsa kuti, “Bambo, anthu amenewa anawauza ndani zimenezi?”

Ndinati, “Anthu a pa boda ndi otero, mayi. Musawamvere.”

Anandithokoza chifukwa chomunyamulira chikwama. Anakhala masiku ochepa n'kubwerera, ndipo sanabwerenso ku Mchinji. Chithunzi chija chinachoka pa tebulo n'kulowa m'dirowa. M'mawa ndikamasesa, m'chipinda chamkati munkangokhala zii.

Kangapo konse ndinaima pakhomo pawo nditakonza mawu opepesa. Iwo ankakweza mutu n'kunena kuti, “A Mbewe, pa pepala la lole ya feteleza lija mwalemba chilembo chogona,” ine n'kuti, “Ndikonza, bwana,” n'kutuluka. Zaka ziwiri zinatha choncho.

2004

Ku kasitomu kutabwera makompyuta, a ku likulu anaona kuti munthu woyanika kaboni padzuwa nthawi yake yatha. Anatumiza mnyamata wa foni ya m'manja kudzatenga ofesi. Tsiku limene anafika anagwira a Chirambo chanza akumwetulira n'kunena kuti, “Ndiye a Pimbulo otchuka aja ndinu? Ku Lilongwe madalaivala amakusimbani.” Sankadziwa kuti akulasa. A Chirambo anangoti, “Ndine ndemwe. Takulandirani.”

Tsiku lawo lomaliza linali Lachisanu. A Nachisale anagula mandasi ndi zakumwa, Dyson anakonza mawu otsanzikana amene anawaiwala ataimirira. Dzuwa litapendeka, a Chirambo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa tepi.

“Ndinakunamizani,” anatero. “Mzungu uja anaikamo. Ndinakaionera ndekha kwa abusa, ndipo nditaona zimene zimamuchitikira mnzangayu ndinati ayi, iyi a Mbewe asaimasulire ndikadali pa ntchito. Lero ntchito yatha. Itanani anthu.”

Mbiri inathamanga mumzere wa malole. Posakhalitsa mabenchi anadzaza, pawindo panada ndi mitu. Kwa nthawi yoyamba a Chirambo anatulutsa mpando wawo n'kukhala kutsogolo kwenikweni, manja pa mawondo.

“A Mbewe, imani pamalo panu.”

“Bwana, lero amasulire Dyson. Ine pakhosi...”

“Munayamba ndinu. Munthu sasiyira mnzake mzere wa pakati pa munda.”

Ndinaima pambali pa kanema. Pa zaka zitatu zimenezo makutu anga anali atatseguka ndithu chifukwa cha wailesi ndi madalaivala oyankhula Chingerezi a maiko a kumwera, moti tsopano ndinkamva zambiri. Ndiye ndinamasulira zoona zokhazokha. Kaofesi ka Pimbulo kankatsekedwa. Katundu yense wosatengedwa ankamunyamula pa ngolo. Antchito ake anamupatsa mphatso yotsanzikana, ndipo atamasula anapeza ndi ambulera yong'ambika yochokera pa shelefu yomweyo. Ine ndinkangonena zimene anena, osathira mchere.

“Madala, lero mwathira madzi!” anakuwa wina pawindo. “Tikufuna zija!”

Ine ndinapitiriza kumasulira. Pimbulo anakwera pa bokosi kuti ayankhule mawu otsanzikana. Atangotsegula pakamwa sitima inadutsa ndi phokoso, ndipo anayankhula nthawi yaitali manja akuuluka, popanda womva. Sitima itatha kudutsa anapeza mayi wa zikhadabo ndi mnyamata waulesi atazemba kale. Anatsika pa bokosi n'kuima yekha pakati pa mashelefu opanda kanthu. Apo nkhalamba yosesa ija inatulukira, inayenda pang'onopang'ono n'kudzaima pamaso pake. Inamuyang'ana nthawi yaitali, kenako inanena timawu tochepa. Mizimu ija inaseka kwambiri.

A Nachisale, amene anali pafupi ndi deki, anadina batani. Chithunzi chinaima chikunjenjemera, anthu awiri aja akuyang'anana. “Tiuzeni, a Mbewe,” anatero mayiwo, maso ali pa ine. “Wati chiyani wosesayo?”

Ndinali nditamva bwinobwino. Anati: mwaponda tsache langa. Ndikanangonena zimenezo nyumba ikanaphulika monga kale, ndipo phokoso lomaliza limene a Chirambo akananyamula kuchoka ku Mchinji likanakhala limenelo. Koma kupeka kunalinso ndi mtengo wake, chifukwa munthu amene anakhala kutsogoloyo Chingerezi anali kuchiphunzitsa ine ndisanadziwe kugwira cholembera. Akanadziwa kuti wosesa amene akuyankhula si wa m'kanema. Ndipo onse a pawindo akanadziwa amene anatulutsa nkhani ya chithunzi. Ndinayang'ana kumbuyo kwa mutu wawo. Imvi zinali zitafika mpaka m'khosi.

“Akuti,” ndinayamba, “akuti bwana, ine ndinabwera pano ndi chala chokha, inu munandipatsa dzina langa papepala. Akuti munandiitana ngati munthu pamene ena onse ankati iwe. Akuti munandidikira pansi pa mtengo, ndipo chaka cha njala ana anga anamwa phala lanu.” Ndinapitiriza. “Akuti zimene ndinkamva m'mawa ndikusesa sizinali zanga. Ndinaba, n'kukazimwaza pamsewu kuti anthu andione wanzeru. Akuti mwana wanu atandifunsa ndinamunamiza. Akuti ndilibe chobweza, bwana. Mundikhululukire.”

M'nyumba munali zii, moti injini ya lole inkamveka kuchokera ku chipata. Kenako Dyson, amene chete ankamuyabwa, anati, “Koma madala, mzunguyo wangotsegula pakamwa kamodzi!”

A Chirambo sanatembenuke. “Mnyamata,” anatero, “Chingerezi cha ku Mangalande n'chopanikiza ngati belo la fodya. Ukachimasula chimadzaza nyumba. A Nachisale, pitirizani.”

Tepi inayenda. Pimbulo anayang'ana pansi, anakweza phazi, nkhalamba ija inasolola tsache lake n'kumapita. Wina pawindo anayamba kuti, “Nanga tsachelo...” koma mnzake anamugunda ndi chigongono. Pomaliza Pimbulo anavula wezulo pakhosi, anaimangirira kachikwangwani monga ankachitira ndi katundu wotayika, n'kuiika pa shelefu. Anatuluka panja mvula ikugwa, anatambasula ambulera yong'ambika ija, n'kumapita madzi akumudonthera pamphuno. Mizimu inaomba m'manja. Ife panalibe anaseka. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, ndipo ena mwa anyamata a pansi pa mango analowa kudzagwira a Chirambo chanza ndi manja awiri, chinthu chimene sindinachionepo.

Titatsala awiri pakhonde, iwo akuyang'ana mzere wa malole, anandifunsa osandiyang'ana.

“A Mbewe, munthu uja anati chiyani kwenikweni?”

“Anati mwaponda tsache langa, bwana.”

“Eya.” Anagwedeza mutu. “Ndiye kuti choko changa sichinapite pachabe. Kale lija munkangolota. Ndinkamvetsera m'katimo, ndinkati munthu uyu ndinamuphunzitsa ndine? Tsiku lina Pimbulo ankafunsa za nyengo, inu munati akufuna kachasu.”

Anaseka, inenso ndinaseka misozi ikutsika.

“Za belu ndi za kaboni musadandaule nazo,” anapitiriza. “Amayi a Tiwonge ankandiseka kuposa inu nonse. Akanakhalapo akanakhala pa benchi yakutsogolo.” Anawongola tayi. “Zanga ndakhululuka. Koma za mwana uja sindingakhululuke m'malo mwake. Zimenezo ndi za inu ndi iye.”

Ndinati ndamva. Mpaka lero sindinaonane naye Tiwonge. Uthenga wa maliro a bambo ake unandipeza mwezi utatha kale, ndipo ndinamva kuti iye anakwatiwa kunja kwa dziko. Ngati wina wa inu adzakumane ndi namwino wa dzina limenelo, wa kwa Chirambo ku Rumphi, mudzamuuze kuti munthu amene anamunyamulira chikwama pa boda ndi yemweyo amene anauza anthu aja nkhani ya chithunzi.

Tisanasiyane a Chirambo anandiuza kuti anyamuka mawa lake masana, ndidzawathandize kukweza katundu.

M'mawa mwake ndinalawirira kunyumba kwawo kuti ndiyambe kumanga mitolo. Ndinapeza chitseko chili pululu, m'nyumba mulibe kanthu. Mnansi wawo anati anakwera lole ya ku Lilongwe kusanache, anati sakonda zotsanzikana kawiri. Ndinayenda wapansi mpaka ku ofesi. Pa tebulo langa, pamwamba pa mapepala a tsikulo, panali belu lija.

Bwana watsopano anali m'chipinda chamkati akulimbana ndi mawaya a kompyuta. A Nachisale anali atakhala kale pa makina awo, osatayipa kanthu. Nthawi yotsegulira itakwana tonse tinayang'ana pakhonde, ndipo panalibe munthu. Ndinanyamula belulo. Chigwiriro chake chinali chosalala, chokumbika pamene pankakhala chala chawo.

“Madala,” anatero Dyson motsitsa mawu, “mukudziwa dzina limene akupatseni anyamata aja?”

“Ndikudziwa.”

Ndinatuluka, ndinaima pamene ankaima iwo, n'kuliliza mwamphamvu mpaka madalaivala anasuzumira m'mawindo a malole awo. Pansi pa mango paja wina anakuwa mwachizolowezi asanayang'ane n'komwe, “Ba Pimbulo!” Atatembenuka anaona kuti ndine. Anayang'anana, osadziwa ngati aseke.

Ndinakweza dzanja monga ankakwezera iwo.

“Wawa,” ndinayankha.